Nyumba Yoyenda ndi Chimbudzi Chake: Kupeza Malo Okhuthulira Mathanki Paulendo

Chiyambi

Pa 8 Ogasiti 2004, anthu oposa 100 anakwera boti mumzinda wa Chicago, m'dziko la America, kuti akaone nyumba zitalizitali zomwe zinandandalika m'mbali mwa mtsinje. Botilo litafika pansi pa mlatho wa msewu wa Kinzie, pamwamba pankadutsa basi ya gulu la oimba la Dave Matthews Band. Basiyo inali ndi chimbudzi mkati, ndipo dalaivala anatsegula thanki ya chimbudzicho ali pamlatho pomwepo. Popeza mlathowo unayalidwa ndi zitsulo za mipata ngati sefa, zonyansa zolemera makilogalamu pafupifupi 360 zinadutsa n'kukathira anthu omwe anali m'botimo. Chaka chotsatira dalaivalayo anavomera mlandu. Khoti linamulamula kulipira chindapusa cha madola 10,000 komanso kugwira ntchito yothandiza anthu kwa maola 150. Nalo gulu la oimbalo linalipira boma la Illinois madola 200,000.

Ambiri akamva nkhaniyi amaseka, koma mkati mwake muli funso lalikulu. Galimoto iliyonse yokhala ndi chimbudzi imasenza katundu woti atsitsidwe penapake. Kodi penapakepo ndi pati? Nanga munthu amapapeza bwanji ali m'dera lachilendo? Nkhani ino ikufotokoza za magalimoto ogonamo, mathanki ake, malo ovomerezeka okhuthulira mathankiwo, ndi njira zomwe apaulendo amatsata kuti awapeze. Zitsanzo zambiri zichokera ku America, komwe magalimotowa ndi ochuluka zedi, kenaka tiona mwachidule mmene maiko ena amachitira.

Kodi Magalimoto Ogonamo N'chiyani?

Tikanena za magalimoto ogonamo, tikutanthauza magalimoto omwe mkati mwake anawakonza ngati nyumba. Mumakhala bedi, kakhitchini, bafa ndi chimbudzi chogejemula. Ena amakhala ndi injini yawo ndipo amatha kukula ngati basi. Ena ndi makalavani ochita kukokedwa ndi galimoto ina. Ku America onsewa amawatchula ndi zilembo ziwiri zoti RV. Ambiri a iwo amapangidwa m'dera la Elkhart, m'boma la Indiana. Bungwe la makampani opanga magalimotowa linalengeza kuti m'chaka cha 2021 magalimoto oposa 600,000 anatuluka m'mafakitale, ndipo kafukufuku wake wa chaka chomwecho anapeza kuti mabanja oposa 11 miliyoni anali ndi galimoto yotere.

Anthu omwe amayenda m'magalimotowa ndi osiyanasiyana. Alipo mabanja amene amangopita kokasangalala pa tchuthi. Alipo okalamba opuma pantchito omwe amathawa chisanu cha kumpoto n'kukakhala kum'mwera miyezi ingapo. Aliponso ena omwe galimotoyo ndiyo nyumba yawo yeniyeni, mwina mwa kufuna kwawo, mwinanso chifukwa cha kukwera mtengo kwa lendi. Onsewa chimawakopa ndi ufulu: lero ugona m'mphepete mwa nyanja, mawa m'phiri, popanda kufunsa chipinda kwa wina aliyense. Komatu walira mvula walira matope. Nyumba ya njerwa ili ndi dzenje lake kapena mapaipi a suweji, pomwe nyumba yoyenda imanyamula zonse zomwe eni ake ataya kufikira atapeza potsitsira.

Mathanki Atatu

Pansi pa galimoto yogonamo pamakhala mathanki atatu. Yoyamba ndi ya madzi abwino, akumwa, ophikira ndi osamba. Yachiwiri imalandira madzi ochokera m'bafa ndi m'sinki, omwe eni magalimoto amawatcha madzi otuwa. Yachitatu imalandira zonse zochokera m'chimbudzi, ndipo zimenezi amazitcha madzi akuda. Thanki yoyamba ikamachepa, ndiye kuti ziwiri zinazo zikudzaza. Paulendo madzi sachoka m'galimotomo. Amangosamuka kuchoka m'thanki ina kupita m'thanki inzake, atasanduka oipa.

Ku America mathankiwa amawayeza m'magaloni, ndipo galoni imodzi ndi malita pafupifupi 3.8. Thanki ya madzi akuda ya magaloni 40 imalowa malita pafupifupi 150. Tiyerekeze kuti banja la anthu anayi likuthira malita 20 m'thanki yotere tsiku lililonse. Pakutha pa masiku asanu mudzakhala malita 100, omwe ndi magawo awiri mwa atatu a thankiyo. Pamenepo ndiye pomwe odziwa amayamba kulunjika kokakhuthula. Thanki ya madzi otuwa kawirikawiri imadzaza msanga kuposa inzakeyo, chifukwa kusamba ndi kutsuka mbale kumadya madzi ambiri. Ikadzaza, madzi amabwerera m'bafa, phazi n'kuponda m'chithaphwi cha sopo ndi mafuta.

Palinso nkhani ya kulemera. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Motero galimoto yomwe mathanki ake awiri a zoipa adzaza ndi malita 300 imakhala itasenza katundu wolemera mofanana ndi matumba asanu ndi limodzi a chimanga a makilogalamu 50. Katundu ameneyu amaonjezera mafuta omwe galimoto imamwa komanso amalemetsa mabuleki pamitsetse. Apa tikuona kuti kutalika kwa nthawi yomwe munthu angakhale kutali ndi anthu sikudalira mafuta kapena chakudya chokha ayi. Kumadalira kwambiri kukula kwa thanki.

Chifukwa Chake Satayira Paliponse

Wina angafunse kuti, kodi dziko lalikulu ngati America, lokhala ndi zipululu ndi nkhalango, lingasowe pathengo potayira? Yankho lake lagona pa zifukwa zitatu.

Choyamba ndi matenda. M'chimbudzi cha munthu mumatha kukhala tizilombo toyambitsa kamwazi, tayifodi, matenda a chiwindi ndi ena otsegula m'mimba. Munthu mmodzi akadzithandiza patchire n'kukwirira, nthaka imatha kuzigaya. Koma malita 150 otayidwa pamalo amodzi nthawi imodzi amayenderera, amaitana ntchentche, ndipo mvula ikagwa amakokolokera kumtsinje. Ngakhale madzi otuwa, omwe ena amawayesa abwinoko, amakhala ndi mafuta, sopo ndi nyenyeswa za chakudya zomwe zimanunkha komanso kukopa nyama zakuthengo.

Chachiwiri ndi kusiyana kwa mapaipi. M'mizinda yambiri muli njira ziwiri za madzi pansi pa misewu. Ina ndi ya suweji, yomwe imapita kumalo oyeretsera madzi oipa. Ina ndi ngalande ya madzi a mvula, yomwe imakathira mumtsinje kapena m'nyanja popanda kuyeretsedwa. Mlendo akaona chivundikiro cha zitsulo m'mbali mwa msewu akhoza kuyesa kuti wapeza pokhuthulira, chonsecho akuthira zonyansa mumtsinje womwe ena amamwa kumunsi kwake.

Chachitatu ndi lamulo. Dziko la America lili ndi lamulo loteteza madzi la mu 1972, ndipo maboma ndi makhonsolo ali ndi malamulo awonso oletsa kutaya madzi akuda pamtunda, mumsewu kapena m'madzi. Wopezeka akuchita zimenezi amalipitsidwa chindapusa, monga mmene zinamuchitikira dalaivala wa ku Chicago uja.

Maonekedwe a Malo Okhuthulira

Malo ovomerezeka okhuthulira mathanki, omwe pa Chingerezi cha ku America amati dump station, ndi osavuta kuwafotokoza. Pamakhala bwalo laling'ono la simenti lopendekera pakati. Pakatipo pamakhala kamwa la paipi yolowa pansi, lokhala ndi chivundikiro chomwe nthawi zina amachita kuponda ndi phazi kuti chitseguke. Paipiyo imalumikizana ndi suweji ya mzinda, kapena ndi thanki yaikulu ya pansi yomwe galimoto yopopa zimbudzi imadzapopa. Pambali pamakhala mpopi wa madzi otsukira, ndipo kawirikawiri pamalembedwa chenjezo loti madziwo si akumwa. Mpopi wa madzi akumwa, ngati ulipo, amauika pataliko ndi dzenjelo.

Pamsewu malowa ali ndi chizindikiro chake: chikwangwani cha buluu chojambulidwa kalavani, ndipo pansi pa kalavaniyo pali muvi woloza pansi. M'malo osungirako zachilengedwe chikwangwanicho chimakonda kukhala chofiirira. Woyendetsa amene thanki yake yadzaza akaona chikwangwani chimenechi mtima umakhala pansi.

Kumene Malowa Amapezeka

Malo oyamba ndi makampu olipira, komwe apaulendo amaimika magalimoto n'kugona. Kampani ya KOA, yomwe inayamba mu 1962 ku Billings m'boma la Montana, ili ndi makampu mazanamazana m'dzikomo ndi ku Canada. M'makampu otere, malo ena oimikapo galimoto amakhala ndi magetsi, madzi ndi paipi ya suweji pomwepo. Ena sakhala ndi paipi, koma pafupi ndi chipata chotulukira pamakhala pokhuthulira pa onse. Wogona pakampupo kawirikawiri salipiranso china. Wodutsa amene akungofuna kukhuthula amalipira ndalama pang'ono, ngakhale makampu ena salola anthu akunja.

Malo achiwiri ndi nkhalango ndi mapaki a boma. Mwachitsanzo, m'paki ya Yellowstone muli pokhuthulira m'makampu monga Madison, Canyon, Bridge Bay ndi Grant Village. Koma si kampu iliyonse m'mapaki yomwe ili napo, ndipo makampu ang'onoang'ono a m'nkhalango amangokhala ndi zimbudzi zokumba.

Malo achitatu ndi omwetsera mafuta akuluakulu a m'misewu ikuluikulu, omwe amatumikira madalaivala a mathiraki. Malo ambiri a makampani monga Pilot Flying J ndi Love's ali ndi pokhuthulira. Ubwino wake ndi woti amakhala otsegula usana ndi usiku, ali pafupi ndi msewu, ndipo ali ndi bwalo lokwanira kutembenukirapo galimoto yaitali. Munthu amamwetsa mafuta, kukhuthula mathanki ndi kugula zosowa zake pakuima kumodzi.

Malo achinayi ndi opumirapo a boma a m'mbali mwa misewu. Apa maboma amasiyana. Boma la Washington lili ndi pokhuthulira m'malo ena opumirapo, ndipo ndalama zosamalira malowo zimachokera ku kamsonkho komwe eni magalimoto ogonamo amapereka polembetsa magalimoto awo. Maboma ena alibiretu, ndipo ena anali nawo koma anatseka.

Kuonjezera apo, pali masitolo ogulitsa magalimoto ogonamo ndi zipangizo zake, mabwalo a zionetsero zaulimi, komanso malo oyeretsera suweji a makhonsolo. Malo omalizawa alendo ambiri amawaiwala, chonsecho m'matauni ena ang'onoang'ono amalola anthu kukhuthula kwaulere kapena pa mtengo wotsika nthawi ya ntchito. Kwina konseku mtengo umasiyana malinga ndi dera, koma kawirikawiri munthu amalipira madola apakati pa 5 ndi 25.

Njira Zopezera Malowa

Njira yoyamba, yomwenso ndi yofunika kuposa zonse, ndi kukonzekera. Akuluakulu anati nkhanga zinapangana kusanapse. Woyenda wanzeru safuna pokhuthulira thanki itadzaza kale. Asananyamuke amawerengera masiku omwe thanki yake ingapirire, n'kuika chizindikiro pamapu pomwe adzakhale tsiku lachinayi kapena lachisanu. Kenaka amasankha malo awiri kapena atatu m'deralo, kuti oyamba akapezeka otseka asasowe kolowera. Ambiri amatsata lamulo loti ukapeza pokhuthulira thanki ili pakati, ndipo kutsogolo kuli chipululu, khuthuliratu. Izi zili chomwecho makamaka kumadzulo kwa America, m'maboma ngati Nevada, Utah ndi Wyoming, komwe matauni ndi otalikirana kwambiri.

Njira yachiwiri ndi kugwiritsa ntchito ndandanda wa malo. Kale apaulendo ankayenda ndi mabuku akuluakulu olembedwa makampu onse a m'dziko, omwe ankasindikizidwa chaka ndi chaka. Masiku ano ntchitoyi ikugwiridwa ndi foni zam'manja. Mapulogalamu monga Campendium, AllStays ndi iOverlander, komanso ndandanda wa pa intaneti wa Sanidumps, amaonetsa pamapu malo okhuthulira omwe ali pafupi, mtengo wake, nthawi yotsegulira, ndiponso ngati pali madzi akumwa. Zambiri mwa izi zimalembedwa ndi apaulendo anzawo omwe anafikapo. Ubwino wake ndi umenewo, koma vuto lake ndi lomwelonso. Uthenga wolembedwa zaka zitatu zapitazo ukhoza kunena za malo omwe anatsekedwa kale. Pachifukwa ichi, odziwa amayang'ana tsiku lomwe munthu womaliza analemba, amafananiza mapulogalamu awiri, ndipo amasunga mapu m'foni asanalowe kumalo kopanda netiweki.

Njira yachitatu ndi kuimba foni. Mphindi ziwiri za pafoni zimapulumutsa mafuta a makilomita 50. Mafunso ofunika ndi awa: kodi pamalopo n'potsegula lero? Kodi amalola anthu osagona pamenepo? Mtengo wake ndi wotani, nanga amalandira ndalama yanji, yapamanja kapena ya pakhadi? Kodi galimoto yaitali ingalowe n'kutembenuka? Funso lomalizali si laling'ono, chifukwa galimoto ya mamita 12 yomwe ikukokanso ina kumbuyo siingabwerere chammbuyo mosavuta ikalowa pothina.

Njira yachinayi ndi kufunsa anthu. Safunsa anadya phula. Ogwira ntchito m'maofesi olandira alendo, alonda a m'mapaki, oyang'anira makampu ndi apaulendo ena amadziwa zomwe foni siidziwa. Iwowa ndi omwe anganene kuti mpopi wa pamalo akutiakuti unathyoka sabata yatha, kapena kuti khonsolo inatsegula malo atsopano kuseri kwa bwalo la masewera.

Zovuta Zomwe Apaulendo Amakumana Nazo

Vuto loyamba ndi nyengo. Kumpoto kwa America ndi ku Canada, m'miyezi yozizira madzi amaundana m'mapaipi mpaka kuwaphulitsa. Motero makampu ambiri amatseka madzi, kapena kutseka malo onse, kuyambira chakumapeto kwa chaka mpaka chisanu chitatha. Woyenda mu Januwale amadalira kwambiri malo omwetsera mafuta aja.

Vuto lachiwiri ndi mizere. Lamulungu m'mawa, kapena tsiku lomaliza la tchuthi, aliyense amafuna kukhuthula asanabwerere kwawo. Ngati galimoto imodzi itenga mphindi 15, ndipo patsogolo pali magalimoto asanu ndi atatu, munthu adikira maola awiri. Ochenjera amakhuthula madzulo a dzulo lake kapena mbandakucha.

Vuto lachitatu ndi kutsekedwa kwa malo chifukwa cha khalidwe la anthu. Ena amasiya zonyansa zili mbwee pasimenti, ena amaponya matewera, zitini ndi mafuta a injini m'dzenje mpaka paipi kutsekeka. Mwini malo akatopa ndi kukonza amangoika loko, kapena kukweza mtengo. Nsomba ikaola imodzi zonse zaola: kusasamala kwa mmodzi kumalanga apaulendo onse obwera pambuyo.

Vuto lachinayi ndi mankhwala. Kuti achepetse fungo, eni magalimoto amathira mankhwala m'thanki ya madzi akuda. Ena mwa mankhwalawa, monga formaldehyde, amapha tizilombo tonse, kuphatikizapo tabwino tomwe timagaya zonyansa m'mathanki a pansi a m'makampu. Tizilomboto tikafa, thanki ya kampu imaleka kugwira ntchito ndipo zoipa zimatha kulowa m'madzi a pansi pa nthaka. Ichi n'chifukwa chake boma la California linaletsa kugulitsa ndi kugwiritsa ntchito mankhwala amtunduwu m'magalimoto ogonamo kuyambira pa 1 Januwale 2022. Mankhwala ovomerezeka ndi omwe amathandiza kugaya zonyansa m'malo mopha chilichonse.

Chitsanzo cha Quartzsite

Kuti timvetse kukula kwa nkhaniyi, tione tauni ya Quartzsite m'chipululu cha Arizona. Anthu okhazikika m'tauniyi ndi zikwi zochepa chabe, koma m'miyezi yozizira, makamaka mu Januwale, kumasonkhana magalimoto ogonamo osawerengeka. Ambiri amaimika pamalo a boma oyang'aniridwa ndi nthambi yotchedwa Bureau of Land Management. M'malo ambiri a nthambiyi munthu amaloledwa kukhala kwaulere masiku 14, koma sipakhala madzi, magetsi kapena chimbudzi. Palinso malo ena olipira, monga La Posa, komwe munthu angakhale kuyambira pa 15 Sepitembala mpaka pa 15 Epulo, ndipo kumeneko kuli madzi ndi pokhuthulira.

Chifukwa cha unyinji wa anthu, kukhuthula mathanki ku Quartzsite kunasanduka bizinesi. Alipo amalonda omwe ntchito yawo ndi kugulitsa madzi ndi kulandira zonyansa. Aliponso magalimoto opopa omwe amayendera anthu kuchipululu komweko, ofanana ndi omwe amapopa zimbudzi m'mizinda yathu. Apaulendo ena amakhala ndi kathanki ka mateyala komwe amakhuthuliramo, n'kukakoka pang'onopang'ono mpaka kudzenje, nyumba yawo ili chiimire. Zonsezi zikusonyeza kuti ngakhale munthu athawire kuchipululu, tsiku lina thanki imamubweza kwa anthu.

Zoyenera Kuchita Pofika Pamalopo

Kupeza malo ndi theka chabe la ntchito. Theka linalo ndi kuwagwiritsa ntchito bwino. Woyendetsa amaimika galimoto moti kamwa la mathanki ake, lomwe pamagalimoto a ku America limakhala kumanzere, liyandikane ndi dzenje. Amavala magolovesi. Amatulutsa paipi yopindika ya mainchesi atatu m'mimba mwake, n'kulumikiza mbali ina kugalimoto ndi ina kudzenje. Mbali ya kudzenje amaitsendereza ndi phazi kapena mwala, chifukwa mphamvu ya madzi ikhoza kuidumphitsa.

Akatero amatsegula thanki ya madzi akuda poyamba. Ikatha amaitseka, n'kutsegula ya madzi otuwa. Ndondomekoyi ili ndi chifukwa chake: madzi a sopo obwera pambuyo amatsuka zotsalira m'paipi. Pomaliza amatsukuluza paipiyo ndi madzi a pampopi wotsukira, kutsuka simenti ngati padonthera kanthu, kutseka chivundikiro, ndi kusamba m'manja ndi sopo. Paipi ya madzi akumwa siyenera kukhudza mpopi wotsukira, ndiponso siisungidwa malo amodzi ndi paipi ya zonyansa.

Pali cholakwa china chomwe ongoyamba kumene amakonda kuchita. Akafika pakampu yokhala ndi paipi ya suweji pamalo pawo, amasiya thanki ya madzi akuda chitsegukire. Zikatero madzi amatuluka okha, pomwe zolimba zimatsala n'kumaunjikana ngati chulu mpaka kuuma. Kuchotsa chulu chimenechi ndi ntchito yowawa komanso yodula. Thanki imakhuthuka bwino ikakhala ndi madzi ambiri, chifukwa kulemera kwa madziwo ndi komwe kumakankha zonse.

Mwambo wa pamalopo ndi wosavuta: konzeratu zipangizo uli pamzere, chita changu, ndipo ukatha sunthira patsogolo kuti wina alowe.

Mmene Maiko Ena Amachitira

Ku Ulaya magalimoto ogonamo ambiri ndi ang'onoang'ono, ndipo chimbudzi chake chimakhala ndi kathanki kosolola ngati dilowa, kolowa malita pafupifupi 20. Kathankika amakanyamula pamanja kukakhuthula, koma kamadzaza pa masiku awiri kapena atatu. Ku France matauni ndi midzi yambiri ili ndi malo otchedwa aire, komwe pamakhala chipilala chopereka madzi ndi kulandira zonyansa. Pena amalipira ndi khadi, pena ndi kachitsulo kooneka ngati ndalama kogulidwa kuofesi ya alendo kapena kusitolo ya m'mudzimo. Madzi otuwa amawataya poimika galimoto pamwamba pa sefa ya zitsulo yokonzedwera ntchitoyo. Ku Britain malo okhuthulira kathanki amadziwika ndi dzina loti Elsan point, kuchokera ku dzina la kampani yopanga mankhwala a m'zimbudzi. Apaulendo a ku Ulaya amakonda pulogalamu ya Park4Night pofufuza malowa.

Ku New Zealand, komwe alendo ambiri amabwereka magalimoto ogonamo, madandaulo a nzika pa zonyansa zosiyidwa m'tchire anachititsa boma kukhazikitsa lamulo mu 2011. Mu 2023 lamulolo analikhwimitsa: kuti galimoto ilandire chiphaso chogonera m'malo ambiri aulere, iyenera kukhala ndi chimbudzi chomangiriridwa, osati chonyamula, komanso mathanki okwanira masiku atatu. Ku Australia, bungwe la eni magalimoto ogonamo limathandiza makhonsolo kumanga malo okhuthulira, ndipo tauni yomwe yakwaniritsa zofunika imapatsidwa chikwangwani chosonyeza kuti imalandira bwino apaulendo otere. Matauni ang'onoang'ono anazindikira kuti munthu woima kudzakhuthula thanki amagulanso mafuta, buledi ndi nyama.

Nanga Kuno Kwathu?

M'misewu ya m'Malawi magalimoto ogonamo ndi osowa, koma sikuti safika. Alendo oyenda pamtunda pakati pa kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa amadutsa m'dziko muno, n'kumagona m'makampu a m'mphepete mwa nyanja monga ku Chitimba, ku Kande, ku Senga Bay ndi ku Cape Maclear. Ena mwa iwo amabwera ndi magalimoto okhala ndi kathanki kosolola kaja. Mwini kampu wosadziwa za mathankiwa akhoza kungomulozera mlendo kuthengo, kapena kumulola kuthira mankhwala oopsa m'thanki yake ya pansi. Chonsecho nyanja yomweyo ndi yomwe anthu amamwa, kusamba ndi kuphamo nsomba. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, womwe unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unatikumbutsa mtengo wa chimbudzi cholowa m'madzi. Choncho wophunzira za ntchito zokopa alendo, kapena aliyense woyendetsa malo ogona alendo, ayenera kudziwa kuti mlendo wobwera ndi nyumba yake amabweranso ndi chimbudzi chake, ndipo ayenera kuuzidwa pokhuthulira poyenera.

Mathero

M'nkhaniyi taona kuti galimoto yogonamo imasenza madzi otuwa ndi akuda omwe ayenera kukhuthulidwa pakapita masiku ochepa. Taonanso kuti malo ovomerezeka amapezeka m'makampu, m'mapaki, m'malo omwetsera mafuta, m'malo ena opumirapo ndi kumalo oyeretsera suweji, ndiponso kuti amapezeka pokonzekera, poyang'ana mapu, poimba foni ndi pofunsa anthu. Chachikulu n'chakuti malowa amakhalapo chifukwa wina anawamanga, wina amawalipirira, ndipo wina amawatsuka. Munthu wogona m'galimoto angaoneke ngati sadalira aliyense, koma pakapita masiku ochepa amafuna paipi ya tauni yomwe si yake. Mlendo ndi mame, sachedwa kuchoka. Koma zomwe wasiya pansi zimatsala ndi eni mudzi, ndiponso ndi mlendo mnzake wobwera mawa thanki itadzaza.